Sunga Khosi, Mkanda Woyera Udzavala

Pa 24 March 1991, pabwalo la Interlagos mumzinda wa São Paulo, Ayrton Senna adapambana mpikisano wa magalimoto a Formula One pamaso pa anthu akwawo ku Brazil. Adali atayesapo kasanu ndi kawiri koma osaphula kanthu. Tsikulo zidatheka. Chikhamu chidasefukira ndi chimwemwe, koma mwini chipambanocho adakanika kutuluka m'galimoto. Mapewa ndi mikono zidauma gwa, minofu itakokana. Adachita kumutulutsa anthu n'kumukweza galimoto ya madokotala kupita naye kunsanja ya opambana. Atamupatsa chikho chimene adachilakalaka zaka zonsezo, mikono idakana kuchikweza. Adakukuta mano, nkhope itakwinyika ndi ululu, mpaka chikhocho chidakwera m'mwamba.

Chidamufoola choncho n'chiyani? Galimoto yake ya McLaren idayamba kutaya magiya mpikisano uli mkati. Idayamba kukana ndi giya 4, kenako 3 ndi 5. Maulendo omaliza ozungulira bwalo adawayenda ndi giya 6 yokha, giya ya liwiro, imene ukafika nayo pokhota injini imafuna kuzima, galimoto n'kumakukankhira kutsogolo pamene iwe ukufuna ifatse. Kumwamba nako mvula idayamba kuwaza. Kumbuyo Riccardo Patrese wa timu ya Williams adali akuyandikirayandikira. Senna adakakamira chiwongolero ndi timphamvu tonse timene tidatsala m'thupi, nadutsa mzere womaliza atamusiya mnzakeyo ndi masekondi osakwana atatu.

Anthu amakonda kuithera pomwepa nkhaniyi, n'kumatama kulimba mtima kwa Senna. Ine ndikuti tibwerere m'mbuyo zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1984, pabwalo la Kyalami kufupi ndi Johannesburg, mnyamata yemweyu adali pa mpikisano wake wachiwiri chabe wa Formula One, m'galimoto ya timu yaing'ono ya Toleman. Adamaliza pa nambala 6 n'kupeza pointi yake yoyamba, koma thupi lidamuthera, minofu idakokana koopsa. Luso adali nalo, aliyense ankaliona. Chimene adalibe ndi thupi loti lisenze lusolo. Senna sadanamizire galimoto kapena dzuwa la ku South Africa. Adapita kwa mphunzitsi wa zolimbitsa thupi wa kwawo, Nuno Cobra, nayamba kudziumba mwatsopano: kuthamanga mitunda italiitali, kulimbitsa mtima ndi mapapo, kuphunzira kudekha. Mikono imene idakana kutaya chiwongolero ku Interlagos idaumbidwa m'zaka zimenezo, kumalo kopanda chikhamu, kopanda makamera, kopanda woomba m'manja.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, abale anga. Chimene dziko limaombera m'manja Lamlungu masana chimakhala chidakonzedwa kale m'masiku amene palibe ankakuona. Inu amene muli ndi luso koma mukudabwa kuti bwanji silikukufikitsani patali, inu amene mudagwa ndipo mukuchita manyazi kudzuka, inu amene mantha akumangani miyendo, tiyeni tilowe limodzi m'kachipinda kopanikiza kamene madalaivala awa amakhalamo, tikaone zimene amapirira.

Ambiri tikamaonera mipikisanoyi pa TV timati, "Aaa, amenewa amangokhala pansi, yothamanga ndi galimoto." Tamvani. Galimoto ya Formula One imapitirira makilomita 300 pa ola, ndiye kuti pa sekondi imodzi yadutsa mamita 83. Komabe pamsewu woongoka thupi limapumako. Pozunza ndi poima ndi pokhota. Pabwalo la Monza ku Italy dalaivala amafika pakona yoyamba ali pa liwiro loposa makilomita 330, ndipo m'masekondi osakwana atatu ayenera kulitsitsa kufika pansi pa 100. Kuti zitero, phazi lamanzere limaponda buleki ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100, osati kamodzi, koma kona ndi kona mpaka mpikisano kutha. Nthawi yomweyo thupi lonse limakokeredwa kutsogolo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwake kuchulukitsa kasanu, imene akatswiri amati 5G. M'makona a liwiro, monga Copse ndi Becketts pabwalo la Silverstone ku England, mphamvu yomweyo imakokera cham'mbali, n'kufinya nthiti moti munthu sapuma bwino mpaka atatulukamo.

Malamba amagwira chifuwa, mpando umagwira chiuno, koma mutu umadalira khosi. Mutu ndi chisoti pamodzi zimalemera makilogalamu 6 kapena 7. Chulukitsani kasanu, mwapeza oposa 30. Amayi athu amadziwa kulemera kwa ndowa ya malita 20 pamutu. Tsono ganizirani ndowa imodzi ndi theka, osati itakhazikika bwino pankhata, koma ikukokera mutu kumanja, kenako kumanzere, kenako kutsogolo, osalekeza kwa ola limodzi ndi theka. Khosi likafooka mutu umagwera kumbali, maso n'kuphonya pamene tayala liyenera kuponda, ndipo pa liwiro limenelo khoma silikhala patali. N'chifukwa chake madalaivala amathera maola ambiri atamanga lamba kumutu, mphunzitsi akukoka, iwo akukana. Kapena atagona chammbali, chitsulo chikulendewera kumutu. Ndi ntchito yosasangalatsa, yowawa, yobwerezabwereza, ndipo palibe amaionetsa pa TV.

Pamwamba pa zonsezi pali kutentha. Dalaivala amavala zovala zosagwira moto zosanjikiza kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kuphatikizapo magolovesi ndi chisoti. Injini ili kumsana kwake, phula lotentha lili masentimita ochepa pansi pa mpando. M'kachipindamo kutentha kumafika madigiri 50, mwinanso kuposa. Ku Singapore, kumene amapikisana usiku kuyambira 2008, chinyontho cha mumpweya chimaletsa thukuta kuuma, ndipo munthu amatuluka m'galimoto atatsika ndi makilogalamu awiri kapena atatu, onsewo madzi a m'thupi. Akumwa amakhala nawo ochepa, oyamwa pakapaipi kolowa m'chisoti, ndipo sachedwa kufunda. Mtima nawo uli pa liwiro lakelake: umagunda ka 160 mpaka 180 pa mphindi, pa mtunda wonse wa makilomita oposa 300.

Pa 8 October 2023 ku Lusail m'dziko la Qatar zinthu zidafika posauzana. Usikuwo kudatentha koopsa, mpweya uli chinyontho chokhachokha. Chifukwa cha nkhawa yoti matayala angaphulike, akuluakulu a mpikisano adalamula kuti tayala lisapitirire maulendo 18 ozungulira bwalo. Choncho padalibe chosungira matayala. Aliyense adaponda moto kuyambira poyamba mpaka ulendo wa 57. Esteban Ocon adasanzira m'chisoti mpikisano usanafike ndi pakati pomwe, koma adapitiriza mpaka kumaliza pa nambala 7. Lance Stroll adanena kuti m'makona maso ankachita chidima, ndipo atatuluka m'galimoto adadzandira kulunjika ku ambulansi. Logan Sargeant, amene adali atadwalako masiku a m'mbuyomo, adaimika galimoto mpikisano usanathe. Ocon ndimamupatsa ulemu, ndipo Sargeant ndimamupatsanso ulemu womwewo. Chifukwa chake tichipeza kutsogoloku.

Nanga munthu amadzizunziranji chonchi m'nyengo imene kulibe mpikisano? Chifukwa mwayi subwera ndi kalata. Mu March 2024 ku Jeddah, Saudi Arabia, dalaivala wa Ferrari Carlos Sainz adadwala mwadzidzidzi n'kukachitidwa opaleshoni. Timu idaitana Oliver Bearman, mnyamata wa zaka 18 amene adabwera kudzapikisana m'gulu lam'munsi la Formula 2. Adangopatsidwa ola limodzi loyeserera, pabwalo lopapatiza, la liwiro, la makoma mbali zonse. Adamaliza pa nambala 7, patsogolo pa Lando Norris ndi Lewis Hamilton, ngakhale khosi lidamva kuwawa ndithu. Foni ija idalira kamodzi. Akadakhala kuti ankadikira kuitanidwa kaye kuti ayambe kukonzeka, ikadalira pachabe. Achinyamata, ndikunena ndi inu: ntchito imene mukuilakalaka, malo a sukulu amene mukuwapempherera, kasitomala wamkulu amene mukumuyembekeza, zikadzafika sizidzakupatsani mwezi woti mudzisonkhanitse. Konzekani tsopano, pamene kuli zii.

Koma khama lopanda nzeru nalo limapweteka, ndipo masewerawa adaphunzira zimenezi mowawa. Popeza kilogalamu iliyonse imachedwetsa galimoto, padali nthawi imene madalaivala ankadzimana chakudya mopyola muyeso. Mu 2014 Jean-Éric Vergne adagonekedwa m'chipatala utatha mpikisano wa ku Australia, thupi litafooka ndi kudzionditsa. Valtteri Bottas adadzaulula kuti nayenso m'zaka zomwezo ankadzizunza ndi zolimbitsa thupi uku akudya mopereŵera, mpaka maganizo adasokonekera. Mu 2019 lamulo lidasintha: dalaivala ndi mpando wake aziwerengedwa makilogalamu osachepera 80, wopepuka amuwonjezere zitsulo. Thupi lanu ndi limodzi lomwelo. Ligwiritseni ntchito zolimba, koma lidyetseni, ligonetseni, limwetseni madzi.

Tsono thupi lili pamoto choterechi, mutu uyenera kukhala woziziritsa. Pachiwongolero pali mabatani ndi tozungulitsa toposa 20. Injiniya akulankhula m'khutu pa wailesi: sunga matayala, sintha mphamvu ya injini, wakumbuyo watsala sekondi imodzi, mvula ikubwera. Dalaivala akumva ndi thupi ngati matayala akumbuyo ayamba kutsetsereka, akuyang'ana pagalasi, akuwerengera kuti amudutsa pati amene ali patsogolo. Madzi akachepa m'thupi nzeru zimayamba kuchedwa, ndipo ndi nthawi yomweyo, chakumapeto, pamene mpikisano umafuna chiganizo chakuthwa. Akalakwitsa, dziko lonse laona, ndipo anthu mazanamazana a kufakitale amene adagona mochedwa popanga galimotoyo aonanso.

Nico Rosberg adakula akupikisana ndi Lewis Hamilton kuyambira ali ana pa timagalimoto ting'onoting'ono. Atakumananso ku Mercedes, m'galimoto zofanana, Hamilton adatenga ukatswiri mu 2014 ndi mu 2015, Rosberg akuonerera. Kugonja kwa munthu amene muli naye m'timu imodzi kumawawa mwapadera chifukwa palibe ponamizira. Rosberg adavomera kuti pa luso lobadwa nalo mnzakeyo sangamupose, ndiye adakafufuza kwina kulikonse kumene akadatolako kanthu. Adagwira ntchito ndi mphunzitsi wa maganizo, adayamba kukhala chete n'kumasinkhasinkha tsiku ndi tsiku, adakonza ngakhale kagonedwe kake kuti kusiyana kwa nthawi pakati pa mayiko kusamusokoneze. Pakati pa chaka cha 2016 adasiya kupalasa njinga kuti minofu ya m'miyendo ichepe ndi kilogalamu imodzi. Ku Suzuka, Japan, adapeza malo oyambira kutsogolo atamuposa Hamilton ndi masekondi 0.013, ndipo adapambana mpikisanowo. Chaka chidatha iye ali katswiri wa dziko lonse, atasiyana ndi mnzakeyo ndi mapointi asanu. Patangopita masiku asanu adalengeza kuti wasiya, ali ndi zaka 31. Chaka chimodzi chimenecho chidamudya zonse zimene adali nazo, ndipo sadabise.

Inu amene mumati, "Mnzanga uja ndi wanzeru chibadwire, ine sindingamufike," mwamva? Mwina n'zoona kuti simungamufike pa chibadwa. Koma kudzuka m'mamawa kuli m'manja mwanu. Kubwereza ntchito kachisanu pamene iye wabwereza kawiri kuli m'manja mwanu. Kusiya kachizolowezi kamene kamakubera maola kuli m'manja mwanu. Tinthu timeneti timaoneka topanda pake tikakhala patokhapatokha, koma ukatswiri wa dziko lonse udapezeka ndi tomweto.

Musaganizenso kuti amene ali pamwamba sadziwa usiku wa maganizo. Hamilton yemweyo, mwini zikho zisanu ndi ziwiri za dziko lonse, adanena poyera mu 2024 kuti wakhala akulimbana ndi matenda a kukhumudwa kuyambira ali mnyamata, chifukwa cha kuzunzidwa kusukulu ndi chipsinjo cha mipikisano. Kuchokera December 2021 adakhala zaka ziwiri ndi theka osapambana, ndipo atapambana ku Silverstone mu July 2024 adalira misozi, naulula kuti padali masiku amene ankadziona wosakwanira. Ngati munthu wotere atsegula pakamwa n'kunena kuti mumtima simuli bwino, inu mukubisiranji? Mutu umodzi susenza denga. Dalaivala amaoneka yekha m'galimoto, koma akalowa kosinthira matayala anthu pafupifupi 20 amamuzungulira n'kumaliza ntchito m'masekondi awiri. Kupempha thandizo si kufooka. Lankhulani ndi mbale wanu, abusa anu, a chipatala, mnzanu wapamtima.

Tifike tsopano pa mantha, pakuti ndiwo amagwetsa ambiri a ife. Pa 1 August 1976, Niki Lauda wa ku Austria, amene adali katswiri wa dziko lonse ndipo ankatsogola pa mapointi, adalowa mumpikisano pabwalo lakale la Nürburgring ku Germany, msewu wa makilomita oposa 22 wokhotakhota m'nkhalango ndi m'mapiri. Iye mwini adali atapempha anzake kuti asapikisane chifukwa chitetezo chidali chopereŵera, koma ambiri adavotera zoti mpikisano uchitike. Pa ulendo wachiwiri Ferrari yake idaphonya msewu, idamenya chitunda, n'kubwerera pamsewu ili lawilawi. Madalaivala anzake anayi, Arturo Merzario, Brett Lunger, Guy Edwards ndi Harald Ertl, adaika moyo wawo pachiswe n'kumusolola m'motomo. Nkhope ndi mutu zidapsa, khutu lakumanja lidatha mbali yaikulu, utsi wapoizoni udawononga mapapo. Kuchipatala adali kayakaya moti wansembe adabwera kudzamudzoza mafuta omutsanzika.

Patangopita masabata asanu ndi limodzi, anthu ku Monza adangoti kakasi kumuona atavala chisoti, mabala asanapole. Ambiri amasimba ngati Lauda adalibe mantha. Mwini wake adadzaulula kuti Lachisanu, tsiku loyamba la zoyeserera, mantha adamugwira zolimba moti adalephera kuyendetsa, adatuluka m'galimoto n'kubwerera kuhotela. Kumeneko adakhala pansi n'kudzifunsa chimene chidalakwika. Adapeza kuti ankafuna kuthamanga monga ankachitira ngozi isanachitike, pamene thupi ndi mtima zidali zisanafikepo. Loweruka adayamba mofatsa, kumawonjezera liwiro pang'ono ndi pang'ono, mpaka chidaliro chidabwerera. Lamlungu adamaliza pa nambala 4. Povula chisoti, nsalu ya kumutu idali itanyowa ndi magazi.

Imvani bwino pamenepa. Mantha adalipo, ndipo Lachisanu adamugonjetsa. Loweruka munthu adabweranso. Inu amene mayeso adakukanikani, inu amene bizinesi idagwa n'kukusiyani ndi ngongole, inu amene matenda adakugonekani miyezi, inu amene banja lidasokonekera: musadziyeze ndi liwiro la kale lija n'kutaya mtima poona kuti simukulifika. Yambirani pamene muli lero, ndi mphamvu zimene muli nazo lero. Kunjenjemera si mlandu. Bwererani ndithu mukunjenjemera chomwecho.

Komabe chimene chimandichititsa kumuvulira chipewa Lauda chidachitika pa 24 October chaka chomwecho, ku Fuji m'dziko la Japan. Udali mpikisano womaliza, iye akutsogola ndi mapointi atatu pamwamba pa James Hunt. Kudagwa chimvula choopsa, msewu uli madzi okhaokha, kutsogolo osaoneka. Zikope zake zopsa zija zinkamulepheretsa kuphethira bwino. Atazungulira kawiri adaimika galimoto, nati moyo wake ndi wofunika kuposa chikho. A timu adafuna kuti anamizire galimoto kuti yawonongeka, iye adakana bodzalo. Hunt adamaliza pa nambala 3 n'kutenga ukatswiri ndi pointi imodzi yokha. Ena ku Italy adamunena Lauda kuti ndi wamantha, munthu amene miyezi itatu isanakwane adatuluka m'malawi a moto! Chaka chotsatira, 1977, adatenganso ukatswiri wa dziko lonse. Mu 1984 adautenganso kachitatu ndi McLaren, atamuposa Alain Prost ndi theka la pointi. Makolo adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Kudziwa poimira n'kulimba mtima kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake Sargeant wa ku Qatar uja sindimuchotsera ulemu.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani ya liwiro ingamveke molakwika. Achimwene oyendetsa minibasi, achimwene a kabaza wa njinga yamoto, madalaivala a mpikisano awa amathamanga pamsewu wotsekedwa, wopanda oyenda pansi, madokotala ndi ozimitsa moto ali chire. Romain Grosjean adapulumuka ku Bahrain mu November 2020, galimoto itaduka pakati n'kuyaka, iye atakhala m'motomo pafupifupi masekondi 28, chifukwa cha zovala zosagwira moto ndi chitsulo choteteza mutu chotchedwa halo. Inu pamsewu wa M1 mulibe zonsezo, ndipo mwanyamula ana a eni. Kwa madalaivala awa tengeraniko kudziletsa, kugona mokwanira, maso akuthwa ndi chisoti kumutu. Liwiro asiyireni.

Pali munthu mmodzi amene ndikufuna mumudziwe bwino, inu nonse amene mumati nthawi yanu idapita. Robert Kubica wa ku Kraków, Poland, adachita ngozi yoopsa ku Montreal mu 2007, n'kubwerera pabwalo lomwelo mu 2008 kukapambana. Anzake ankamuwerengera m'gulu la aluso kwambiri a m'badwo wake. Pa 6 February 2011, nyengo ya Formula One isanayambe, adalowa mumpikisano waung'ono wa rally, wa magalimoto othamanga m'misewu wamba, wotchedwa Ronde di Andora ku Italy. Galimoto yake ya Škoda Fabia idaphonya msewu, ndipo chitsulo chotchinga m'mbali mwa msewu chidaboola galimotoyo n'kutsala pang'ono kumudula mkono wakumanja. Mwendo ndi phewa zidathyoka. Opulumutsa adatenga nthawi yoposa ola kuti amutulutse. Opaleshoni yoyamba idatenga maola asanu ndi awiri, ndipo ena ambiri adatsatira. Adali ndi zaka 26. Patapita zaka adaulula kuti adali atagwirizana kale ndi Ferrari zoti akayambe kuwayendetsera mu 2012. Khomo limene dalaivala aliyense amalilota lidatsekeka iye ali pakhonde.

Mkono udapulumuka, koma udatsala wowonda ndi wosapindika bwino, wosakwanira m'kachipinda kopanikiza ka Formula One. Kubica adaphunzitsa dzanja lamanzere kugwira ntchito yaikulu. Adabwerera ku rally, ndipo mu 2013 adatenga ukatswiri wa gulu la WRC2. Mu 2019, patatha zaka zisanu ndi zitatu, adakhalanso pamzere woyambira wa Formula One ndi timu ya Williams. Musaganize kuti kudali kubwerera kwa nthungululu. Galimoto ya Williams chaka chimenecho idali yochedwa kuposa zonse, ndipo mpikisano ndi mpikisano Kubica ankamaliza kumchira. Chaka chonse adapeza pointi imodzi, ku Germany, ndipo idali pointi yokhayo ya timu yonse. Olankhula adalankhula: akadangokhala kunyumba, wadzichotsera ulemu. Apa ndi pamene ambiri a ife timathera. Kugwa koyamba timakupirira, anthu amatimvera chisoni. Koma kudzuka n'kuyesanso, zinthu n'kukanikabe pamaso pa anthu, kumeneko ndiye kumaswa mtima.

Kubica sadaime. Adalowa mipikisano ya maola ambiri, kumene madalaivala atatu amasinthana galimoto imodzi, ndipo mfumu ya mipikisano yonseyo ndi ya maola 24 ya ku Le Mans, France. Kumeneko munthu amayendetsa usana ndi usiku pabwalo la makilomita oposa 13, amagona tulo ta mphindi zowerengeka, n'kudzutsidwa pakati pa usiku kuti akalowenso m'galimoto yothamanga makilomita oposa 300 pa ola mumdima, akulambalala magalimoto ochedwa. Mu June 2025, ali ndi zaka 40, pamodzi ndi Yifei Ye wa ku China ndi Phil Hanson wa ku Britain, Kubica adapambana Le Mans, munthu woyamba wa ku Poland kutero. Ndime yomaliza adayendetsa ndi iyeyo, ndi mkono womwe uja. Galimotoyo idali Ferrari. Padapita zaka 14 kuchokera tsiku la ngozi.

Zaka 14, abale anga! Inu mwayesa zaka zingati kuti muziti zakanika? Ndani adakuuzani kuti chilema, umphawi, msinkhu kapena mbiri ya kulephera ndiye mawu omaliza pa moyo wanu? Ambiri a ife sitidzakhalapo m'galimoto ya mpikisano, ndipo palibe chifukwa. Koma aliyense ali ndi pamene pamayamba kufooka zinthu zikathina, ndipo mwini wake amapadziwa. Kwa wina ndi ulesi wa m'mamawa, kwa wina ndi mkwiyo, kwa wina ndi mowa, kwa wina ndi phunziro limene amalithawa, kwa wina ndi manyazi opempha thandizo. Musapabise, musapanamizire mfiti kapena boma kapena makolo. Palozeni ndi chala, mupatchule dzina, muyambe kupalimbitsa tsiku ndi tsiku, ngakhale palibe woona, ngakhale zikuwawa, ngakhale anzanu akuseka.

Valani zilimbe. Tsegulaninso buku lija, kalembetseninso mayeso aja, bwererani kumunda, kumsika, kuchipatala kumene mudasiyira mankhwala panjira. Mukatopa pumani, thupi likakana limvereni, koma musatsanzike. Lero lomwe lino pitani kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mukamuuze chimene mwatsimikiza kuyambiranso, ndipo mawa kukacha akakupezeni mutayamba kale.